Maneja wa Mabondo Olimba

Lolemba

Andikweza! Kuyambira lero ndine maneja wa Mabondo Olimba, timu yathu ya madala a kuno ku Kabwata. Ndilembenso kuti dzanja lizolowere: maneja.

Msonkhano unali dzulo pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa golo. A Sakala, tcheyamani wathu, anaimirira n'kunena kuti nzeru ngati zanga n'zosayenera kuzionongera m'kati mwa bwalo. Anafunsa ovomereza. Manja onse m'mwamba. Onse! Timu imene imakangana ngakhale pa mtundu wa masokosi. Ena anakweza manja awiri. Misozi inangotsala pang'ono kundichititsa manyazi.

Amene anatsegula pakamwa ndi Mulenga yekha, wapagolo wathu, Mubemba wa ku Luapula: "Lesa wamvela mapempelo yanga! Uyu wakudya mbeba achoke pasogolo panga, naine nioneko bola." Tonse kuseka. Ndi mbuya wanga ameneyu, kunena kuti msuweni wanga wa nthabwala. Abemba ndi ife a kum'mawa tinayamba kutukwanana makolo athu akadali moyo, ndipo wokwiya ndiye chitsiru. Ndinamuyankha kuti wodya anyani sangauone mpira ngakhale mutamuchotsera timu yonse.

Kunena zoona sizinandidzidzimutse. Mwezi watha ndili kometa ndinaonera pa TV mbiri ya Mngelezi wina, wosewera kumbuyo amene anadzakhala maneja wa timu yake yomwe. Ndinangoti, uyu ndine.

Mmene tikufanana:
– nambala 5, iye ndi ine
– mphuno anamuthyola, inenso (yanga ku Kaunda Square, ndi chigongono cha mkulu wa mpingo)
– iye anayamba ndi kupukuta nsapato za akuluakulu, ine kutola mpira m'ngalande
– dazi

Mmene tikusiyana: iye ali ndi nyumba ya dziwe losambiramo. Ine ndili ndi diramu.

Koma chachikulu ndi ichi. Mngelezi uja atakhala maneja sanasiye kusewera. Tsiku lina masewero atatsala pang'ono kutha, anavula chijasi, m'kati muli jezi, anadzilowetsa yekha n'kugoletsa ndi mutu. Wometa anandidula khutu ndi chimwemwe.

Loweruka tikukumana ndi madala a ku Chelstone, amene akhala akutidya ngati chiwaya cha pa Lachisanu. Loweruka ndichita zimene anachita Mngelezi. Sindiuza munthu.

Amake Taonga, mkazi wanga, nawonso a ku Luapula, ndangowauza za udindo. Akuti, "Chawama, bashi Taonga. Bondo nayo izapumulako." Akazi ndi mpira!

Lachiwiri

Maneja wopanda chijasi ndi munthu wongoima m'mbali mwa bwalo. Nthawi ya nkhomaliro ndatsikira ku salaula, kogulitsa zovala za kaunjika, kuseri kwa msika wa m'tauni. Ndachipeza! Chakuda, chofika m'mawondo, cha ubweya m'kati, chikununkhabe dziko la eni ake. Mayi wogulitsa wayang'ana ine, wayang'ana dzuwa la Okutobala, wafunsa: "Muyenda kuti, ba bosi? Ku Rasha?"

Ndabwerera nacho ku ntchito chili pathupi. Ndine mphunzitsi wa galimoto ine, kuuza anthu chochita ndi ntchito yanga kale. Wophunzira wa masana, mtsikana wa ku banki, watsitsa mawindo onse.

Madzulo, kukonzekera koyamba. Ndabwereka makoni a ku ntchito, aja timaphunzitsira kubwerera cham'mbuyo. Bwana sakudziwa kuti ndabwereka. Ndawandanda pabwalo mpaka pakongola ngati pa TV.

Osabwera ndi zifukwa zawo:
– a Zulu: maliro
– a Mweemba: maliro omwewo, koma akuti ku Chunga, pamene a Zulu akuti ku Chilenje
– a Kabwe: shuga
– Dokota: akuti akubwera (dokota wa mafoni, osati wa anthu)

Amene abwera awazungulira makoni kamodzi, kenako a Ngoma akhalira imodzi n'kuyiphwanya. Sindikukhumudwa. Mngelezi naye anayamba ndi timu yogona.

Chinthu chimodzi chokha. Jezi yanga, nambala 5, ndayiona pamsana pa Mubita, Mlozi amene watipeza chaka chino, kamwana ka zaka makumi anayi. Ndafunsa a Sakala. Akuti, "Angoitentesa chabe, ba kochi, isazizile." Ndamvetsa. Ndi ulemu umenewo. Ndimulola aitenthetse mpaka Loweruka.

Mulenga ataona chijasi wagwa pansi ndi phwete, akuti ndi chikopa cha galu: "Mwaona? Mbeba yavala chikumba cha imbwa! Osavula iyo, mudala, olo tikupempe bwanji." Ndamuuza kuti akanakhala wogwira mpira ngati mmene Abemba amagwirira zikwama za anthu, bwenzi tili pa TV.

Tsiku labwino. Thukuta lafika mpaka m'masokosi.

Lachitatu

Mngelezi uja ankapita yekha kukazonda adani, atakhala kumbuyo kwa anthu atavala chipewa. Lero ndaweruka msanga, ndakwera minibasi ya ku Chelstone. Chipewa, magalasi akuda, chijasi. Kondakitala wafuna kundilipiritsa mipando iwiri.

Ndaima kuseri kwa mpanda wa bwalo lawo. Sipanapite nthawi:

"Ah! Ba Nambala Faifi! Bwelani kuno, mudala wathu!"

Andizindikira bwanji sindikudziwa. Timu yonse yasiya mpira kudzandipatsa moni. Wina wandibweretsera mpando, wina chakumwa chozizira. Kodi alipo wosewera wina mu Lusaka muno amene adani amamulandira chonchi? Ulemu suchita kugula.

Amene wandikumbatira kwambiri ndi wogoletsa wawo, chimunthu chachitali chimene amachitcha Njanji. Wafunsa za bondo langa ngati mwana wanga weniweni, kenako ngati ndisewera Loweruka. "Koma pa Chibelu muteya, ai? Osatigwilisa mwala, ba mudala. Ise bola sitiimvela bwino ngati imwe mulibe."

Ndawauza kuti tsopano ndine maneja.

Nkhope zonse zagwa. Njanji wakhala pansi, wagwira mutu. Wina wafunsa ngati nkhaniyi singakambidwenso. Amene anabweretsa chakumwa uja wayang'ana botolo ngati akufuna kulilanda.

MANTHA! Ndawaona ndi maso angawa. Akuopa nzeru zanga. Mumtima ndikungoseka, chifukwa sakudziwa kuti adzalandira zonse ziwiri, nzeru ndi mutu womwe.

Njanji ameneyu ndimamudziwa ngati chikhatho changa. Akafika pa iwe amagwetsa phewa la kumanzere, iwe n'kupita komweko, iye n'kudutsa kumanja. Nthawi zonse. Zaka zonsezi sanasinthepo. Anthu amafunsa kuti nanga ngati ndikudziwa, amandidutsa bwanji? Yankho n'losavuta: mipira ya masiku ano ndi yopepuka, imathamanga kuposa ya kale.

Pobwerera minibasi yafera pa Kaunda Square. Amuna tonse tatsika kukankha. Kondakitala wanditchinga: "Imwe ba shikulu nkalani chabe mukati." Shikulu ndi agogo pa Chibemba, mawu aulemu: ngakhale iye waona kuti ndine munthu wa udindo.

Lachinayi

Lero thupi. Wogoletsa ndi mutu ayenera kudumpha, wodumpha ayenera kukhala ndi mpweya.

Wophunzira wa m'mawa amakhala ku Kabulonga. Nditamutsitsa pageti pake, ndaimika galimoto pamthunzi, ndavula shati, ndayamba kuthamanga mumsewu wa mitengo ya jakaranda uja. Kumeneko n'kumene amathamangira anthu a ndalama, palibe amene angadabwe.

Zimene zachitika:
– geti loyamba mpaka lachitatu: mphepo, unyamata, ndikumva kale anthu akuimba dzina langa
– geti lachinayi: bondo layankhula
– geti lachisanu: bondo lakuwa
– geti lachisanu ndi chimodzi: ndikuyang'anitsitsa maluwa a eni ake, nditagwira mpanda

Mayi wina wa galimoto yaikulu waima, watsitsa windo: "Ba ankolo, muli bwino? Nikupelekeni ku kiliniki?" Ndamuuza kuti ndine maneja wa mpira, ndikuwongola minofu. Wandisiyira botolo la madzi ndi nambala ya m'busa wake.

Palibe vuto. Mngelezi uja sanathamange masewero onse. Analowa kumapeto, anadumpha kamodzi. Kamodzi ndingathe. Galu wamkota sakandira pachabe.

Ku ntchito bwana wawerenga makoni. Mawu ake sindiwalemba muno. Madzulo ano timu yazungulira njerwa ndi patapata wa a Ngoma.

Kunyumba nkhani ina. Nsapato zanga za mpira sizikuoneka. Zimakhala pansi pa bedi, mbali yanga, chilowereni m'nyumba muno. Lero palibe. Amake Taonga akuti, "Nsapato? Kaya. Kapena makoswe." Makoswe odya nsapato ziwiri ndi zingwe zomwe, n'kusesa pamalopo!

Ndikuganiza kuti a Chelstone ali ndi munthu m'nyumba muno. Ndiye mantha afika pamenepo.

Bondo latupa ngati papaya. Ndalimanga ndi mpango wa amake Taonga, wa ku Chigwirizano. Sakudziwa.

Lachisanu

Ndazipeza! Pamwamba pa wadiropu, m'kati mwa poto wamkulu wa Khirisimasi, atavundikira. Makoswe a ku Luapula ndi anzeru. Ndaziika m'pulasitiki, pulasitiki m'thumba la chijasi. Thumba lake likhoza kulowa nkhuku.

Jezi ndiye vuto, poti nambala 5 ikutenthetsedwabe. Ndatenga vesiti yoyera, ndalemba 5 kumsana ndi cholembera chakuda cha ku ntchito. Yapendekeka pang'ono. Kutali ikuoneka bwino.

Madzulo, msonkhano womaliza pansi pa mango. Lero abwera onse, ndi a maliro omwe. Ndawapatsa malamulo a Mngelezi:
1. Mowa ayi mpaka masewero atatha.
2. Kugona msanga.
3. Maneja akamalankhula, foni m'thumba.

Lamulo lachitatu lafa ndikulitchula. Loyamba lakhala moyo mpaka a Sakala atanena kuti nkhani yofunika chonchi tikaimalizire pa bala ya pakona, poti pano udzudzu. Lachiwiri lafera komweko.

Koma pamene ndinafotokoza za Njanji, anamvetsera. Ndinaimiritsa Mubita, ine n'kukhala Njanji: phewa kumanzere, thupi kumanja. "Usayang'ane phewa, mwana iwe. Phewa ndi wabodza. Yang'ana mchombo, ndipo ima kumanja kwake, umudikire ngati basi." Tabwereza mpaka wagwira. A Sakala akuti, "Iyi ndiye bola, ba kochi." Mtima wanga myaa.

Mulenga sangasiye chinthu chikome: "Manje ngati unali kuziba zonse izi, nichani nenze kutola bola mu neti lyonse? Mutu uli na digili, mendo yali giledi wanu!" Anthu agwa m'mipando. Inenso ndaseka mpaka kutsokomola. Ndamugulira botolo. Mbuya ngati ameneyu sapezeka pawiri.

Mawa. Ndayeserera kuvula chijasi pagalasi. Mabatani ndi ambiri, ndiyenera kuyamba msanga.

Loweruka

TAWINA! Mabondo Olimba 1, Chelstone 0! Ndilembe bwinobwino, adzukulu adzawerenge.

Dzuwa loswa mtengo. Ine m'chijasi, m'kati vesiti, m'thumba nsapato. Anthu adzaza mpaka pa mpanda wa sukulu. Amake Taonga abwera, chinthu chimene sanachitepo. Akhala pa chitenje, maso ali pa thumba langa.

Chigawo choyamba Njanji wabwera katatu. Katatu konse phewa kumanzere, thupi kumanja, n'kupeza Mubita ataima pomwepo ngati anamutumira uthenga. Kachitatu Njanji wandiyang'ana ine kunja kuno, wapukusa mutu. Ndamukwezera chala.

Chigawo chachiwiri kona yathu. A Ngoma adumpha, mpira wawamenya pakhosi, walowa. Chigoli ndi chigoli! Ndathamanga m'mbali mwa bwalo chijasi chikuuluka, bondo ndaliiwala.

Kenako, nthawi itatsala pang'ono, Mubita wagwa. Mwendo wamukokana. Woyimbira waimitsa mpira.

Nthawi yanga. Ndakhala pa benchi, ndavala nsapato. Ndaimirira, ndayamba mabatani. Chijasi chagwa pansi monga ndinayeserera. Vesiti poyera, 5 wanga wopendekeka.

Mbali ya Chelstone yaphulika ndi chimwemwe. Akuvina, akuimba kuti ndilowe: "Angene! Angene! Angene!" Njanji akuomba m'manja pamwamba pa mutu.

Mbali yathu zii.

Ndiye ndikuona Mulenga akuchoka pagolo. Akuyenda, sakuthamanga. Wavula magolovesi. Wafika pamaso panga, wagwada bondo limodzi pafumbi, waomba m'manja mwa Chibemba, monga amachitira kwa apongozi.

"Ba tata, napapata. Mwatiteyela zaka zambili, ndipo tikuyamikani. Lelo tisiyeni tiwine."

Ndadikira kuti anditche wodya mbewa. Ndadikira kuti atchule dazi, kapena vesiti, chilichonse choti tiseke. Palibe. Munthu amene ananditukwana pa ukwati wa mwana wanga, amene anandithira ufa kumutu pa maliro a bambo anga monga amachitira mbuya, lero akunditcha tata, maso ali pansi.

Ndayang'ana a Sakala. Akuyang'ana nsapato zawo. Ndayang'ana a Chelstone akuvina. Ndakumbukira manja aja a pansi pa mango, ena awiriawiri. Zandilowa zonse nthawi imodzi, ndipo zawawa kuposa chigongono cha mkulu wa mpingo.

Ndatola chijasi. Ndavala. Mabatani onse, mpaka la pakhosi.

"Mubita! Dzuka, mwana iwe, mwendo ukaumvere kunyumba! Ngoma, bwerera kumbuyo umuthandize! Iwe wodya anyani, pagolo pali ndani?"

Mulenga wadzuka, wathamanga.

Mpira womaliza wapita kwa Njanji. Phewa kumanzere. Bwalo lonse lathu lakuwa pamodzi ndi ine: "KUMANJA!" Mubita, akutsimphina, waima pomwepo. Mpira wapita ku mango. Wezulo!

Andinyamula. Madala a shuga ndi BP anyamula munthu ndi chijasi chake, akuimba "Maneja! Maneja!" Tayenda pang'ono n'kugwa tonse mulu umodzi. Amake Taonga akulira ndi kuseka. Njanji wabwera kudzandigwira chanza: "Mwatipaya, ba kochi. Bwelelani chabe mu timu."

Pa bala Mulenga wauza aliyense kuti anagwada chifukwa anaona ndalama pansi. Ndamusiya.

Maneja amene sanagonjepo: ine.

Lamulungu

Kutchalitchi anthu akundipatsa moni wa "ba kochi". Mkulu wa mpingo wina wafunsa ngati ndingathandizeko timu ya achinyamata. Ndati ndiona, ndili ndi zambiri.

Mawu atha, pakhosi pakupweteka. Chijasi chili pa chingwe, madzi ake akuda bii.

Masana ndapita ndekha kubwalo, sindikudziwa kukatani. Palibe munthu, mbuzi za eni ake zokha ndi mapepala a maswiti. Ndaima pamalo panga, patsogolo pa golo la ku mango, pamene udzu unaleka kumera kalekale. Ena mwa maenje amenewo ndinakumba ndine.

Ndawerengera cham'mbuyo, ndapeza kuti masewero anga omaliza ndinasewera kale. Anali aja a mwezi watha ku Woodlands, amene anatithira zinayi. Palibe anandiuza kuti ndi omaliza. Ndinatuluka m'bwalo ndikukangana ndi woyimbira za mpira woponya ndi manja, ndinavula jezi ndikuyenda, ndinayiponya m'chikwama cha timu osayipinda n'komwe, n'kuthamangira minibasi.

Sindikudandaula. Tawina, ndipo tawina ndi mutu wanga, ngakhale sunakhudze mpira. Lachiwiri tikukonzekera, ndipo a Zulu akabweranso ndi maliro adzanditengera komweko.

Koma ndikanadziwa tsiku lija ku Woodlands, woyimbira ndikanamusiya ndi mpira wake. Ndikanatuluka pang'onopang'ono.